Za opaleshoni ya hatchi, gamulani ikadali yamphamvu

Aliyense amene ali ndi hatchi mu Blantyre muno ayenera kukhala atayankha kale funso ili hatchiyo isanadwale: tsiku limene matumbo ake adzapotane, kodi ndidzalola kuti madokotala aing'ambe pamimba, kapena ndidzapempha kuti aiphe mwachifundo? Funsoli ndi lowawa, n'chifukwa chake ambiri amalizemba. Amadzayamba kuliganizira pakati pa usiku, foni ili kukhutu, hatchi ikudzimenyetsa pansi m'khola, dokotala akudikira yankho. Nthawi ngati imeneyo mutu sugwira. Mapeto ake munthu amathawira ku njira yachitatu, yonena kuti "tiyeni tione mmene kuchere." Ine ndikuti pa njira zitatuzi, yodikirayi ndiyo yankhanza kuposa zonse, ndipo tikhoza kuipewa osataya ngakhale tambala imodzi.

Ndikudziwa kuti mahatchi kuno ndi ochepa. Munthu akhoza kukulira ku Ndirande kapena ku Bangwe mpaka kumera imvi asanaionepo hatchi pafupi. Alipo m'mafamu ena ndi m'makola a kunja kwa tauni, ena amanyamula alendo pa phiri la Zomba. Koma hatchi iliyonse ili ndi munthu amene amaidyetsa, kuipesa, kuimwetsa madzi ndi kuwola ndowe m'khola, ndipo kawirikawiri munthu ameneyo ndi mnzathu wa ku Chileka, ku Mpemba kapena ku Chigumula, wodikira malipiro a pa mwezi. Iyeyo ndiye amayamba kuona kuti zinthu sizili bwino, ndipo ndiye amatsala nayo hatchi ikamavutika. Ndikulembera iyeyo pamodzi ndi abwana ake.

Vuto lenileni lili m'kalengedwe ka hatchi. Chinyama cholemera makilogalamu 450 kapena 500 chili ndi chifu chaching'ono, cholowa malita pakati pa 8 ndi 15 okha, pamene matumbo onse pamodzi amatalika pafupifupi mamita 30. Mbali yaikulu ya thumbo lalikulu siidagwirire ku thupi, imangokhala yopindidwa m'mimbamo, ndiye mpweya ukadzaza thumbolo limatha kusuntha n'kukakhala pamalo polakwika, kapena kupotana kumene. Pena thumbolo limakhota n'kuchepa mwadzidzidzi, ndipo udzu wouma umakonda kutsekera pamenepo. Kuwonjezera apo, hatchi sisanza. Pakhomo pa chifu chake pali mnofu wolimba umene umalola chakudya kulowa koma osabwerera. Galu akadya choipa amasanza n'kupepukidwa, koma hatchi madzi ndi mpweya zikachuluka m'chifu zimasowa kotulukira, mpaka chifucho chimatha kuphulika. N'chifukwa chake dokotala wa ziweto akafika amalowetsa paipi ya mphira m'mphuno mpaka kukafika m'chifu. Zimene zimatuluka m'paipimo zimamuuza kukula kwa vuto, komanso zimaipatsa hatchiyo mpata wopuma.

Kupweteka m'mimba kwa mtundu uliwonse madokotala amakutcha colic. Hatchi imasiya kudya, imapalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, imangocheukira m'nthiti mwake, imagona n'kudzuka, kugona n'kudzukanso, ndowe zimachepa kapena kusiyiratu. Zikafika poipa imatuluka thukuta thupi lonse n'kumagubuduzika. Chotonthoza n'chakuti colic yambiri imatha ndi mankhwala oletsa ululu, madzi ndi kuiyang'anira. Amene amafunikira mpeni ndi pafupifupi hatchi imodzi pa mahatchi 10 odwala. Tsoka lake n'lakuti pa ola loyamba hatchi imodziyo imaoneka chimodzimodzi ndi zinzake zija. Kusiyana kumadzaoneka pang'onopang'ono. Mtima wa hatchi yathanzi umagunda pakati pa 28 ndi 44 pa mphindi. Ukapitirira 60 n'kukakamira pomwepo, nkhawa iyambe. Nkhama zimene zimakhala zofiirira bwino zimayamba kuda. Mimba imene imalira nthawi zonse imangoti zii. Ndipo chizindikiro chimene madokotala amachidalira kwambiri ndi ichi: hatchi yabayidwa jekeseni yamphamvu, koma pasanapite nthawi ululu wabwereranso.

Thumbo likapotana, magazi amaleka kufikako ndipo limayamba kufa m'maola ochepa chabe. Poizoni wa m'thumbo lowolalo amalowa m'magazi. Palibe jekeseni, palibe mankhwala a zitsamba, palibe kuiyendetsa kuzungulira khola kumene kungamasule thumbo lotere. Makolo athu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa zambiri adanena zoona, koma pa matenda awa ola lililonse lodekha limachotsa gawo la mwayi wa hatchi. Mahatchi okalamba amavutitsidwa ndi chotupa cha mafuta chimene chimalendewera pa kachingwe m'mimba n'kukulunga thumbo laling'ono. Mahatchi aakazi amene angobereka kumene amakhala pa chiopsezo cha kupotana kwa thumbo lalikulu, kumene kumapha msanga koposa. Mwini amene ali ndi hatchi yokalamba kapena yabere ndiye ayenera kuganiziratu kwambiri.

Tsono tione opaleshoniyo mmene imakhalira, chifukwa ambiri amaiganiza ngati ya galu kapena ya mbuzi. Hatchi imagonetsedwa tulo ndi mankhwala, n'kuikweza ndi makina miyendo ili m'mwamba, n'kuigoneka chagada pa tebulo lalikulu. Wina amayang'anira kupuma ndi mtima, ena amang'amba pakati pa mimba, kutulutsa matumbo, kuwamasula, mwina kudula gawo lakufa n'kulumikiza zotsalazo. Nthawi zina akatsegula amapeza kuti zawonongeka kwambiri, ndipo amauza mwini kuti ndi bwino hatchiyo isadzukenso. Ndalama zimakhala zapita ndithu. Ikapulumuka patebulo, kudzuka kwake n'koopsanso, chifukwa chinyama chachikulu chotere chikamaimirira chili chizungulire chimatha kuthyoka mwendo, n'chifukwa chake zipinda zodzukiramo zimakhala ndi makoma ofewa. Kenako pamabwera masiku a dilipu ya malita ochuluka ndi mankhwala ophera tizilombo. Matumbo amatha kukana kuyambanso ntchito, bala limatha kuchita mafinya kapena kutulutsa chophukacho, matumbo amatha kumatirirana, ziboda zimatha kutupa mkati. Zonse zikayenda bwino, hatchi imafunika kupuma pafupifupi miyezi itatu, mwezi woyamba ili yotsekeredwa m'khola, isanakwerekenso.

Sindikunena izi kuti ndinyoze opaleshoni. Kumene kuli zipangizo, mahatchi ambiri amene adzuka bwino amabwerera kwawo, ndipo ambiri amayambiranso ntchito imene ankagwira. Chipatala cha ziweto cha Onderstepoort, cha University of Pretoria ku South Africa, ndi chimodzi mwa zipatala za kuno kummwera kwa Africa zimene zimachita ntchito imeneyi. Koma tawerengani msewu. Kuchoka pa Blantyre kudutsa ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, kutsika mpaka Beitbridge n'kukafika ku Pretoria, ndi makilomita opitirira 1,500 ndi malire atatu, ndipo chiweto sichiwoloka malire popanda zikalata. Thumbo lopotana silingadikire ulendo wotere. Choncho funso loyamba limene mwini ayenera kufunsa dokotala wake, lero, masana, hatchi ikudya udzu, ndi lakuti: adokotala, hatchi yangayi itafunika opaleshoni ya m'mimba, malo amene angathe kuichita ali kuti, ndingafikeko m'maola angati, ndi galimoto iti, ndipo ndikonze ndalama zingati? Yankho likakhala lakuti malo otere sangafikike m'nthawi yake, ndiye kuti nkhani yagamulidwa kale, ndipo ndi bwino kuzidziwa mtima uli m'malo.

Za ndalama tisachite nazo manyazi. Mankhwala ogonetsa, madzi a dilipu, ulusi wosokera, pafupifupi zonse zimachokera kunja ndipo zimatsatira mtengo wa dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zinthu zochokera kunja udakwera, ndipo za ziweto sizidatsale. Munthu amene akunena kuti "sindingathe kulipira" sadaipe mtima ayi. Ali ndi ana a sukulu, ali ndi antchito oyembekezera malipiro, mwina ali ndi mahatchi ena ofunika chakudya ndi katemera wa African horse sickness, matenda amene amafala ndi tizilombo touluka ndipo amapha mahatchi ambiri m'chigawo chathu chino. Kugulitsa zonse chifukwa cha hatchi imodzi n'kusiya zinazo pa njala si chikondi chimene ndingachitamande. M'malo mwake ndinganene poyera kuti kwa eni ambiri a kuno, yankho loona mtima pa opaleshoni ya colic ndi lakuti ayi. Chimene ndikukana ndi "ayi" wobisika, amene mwini samutchula ndi pakamwa koma amangozengereza mpaka hatchi ifa yokha.

Taonani mmene timachitira ndi ng'ombe. Mlimi wa mkaka wa ku Bvumbwe kapena ku Chiradzulu ng'ombe yake ikameza mapulasitiki kapena waya, dokotala akhoza kuing'amba m'mbali ili chiimire, pa khola pomwepo, atangobaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo. Zikaoneka kuti sizitheka, mlimi sachedwa, amaitana ogula nyama kuti apezeko kangachepe. Ndalama ya nyamayo ndi imene imamufulumizitsa, ndipo mosayembekezera kufulumirako kumafupikitsa kuvutika kwa ng'ombe. Hatchi kuno sitidya. Palibe wobwera ndi ndalama pakhomo, palibe chokakamiza mwini kugamula msanga, ndipo kuipha kumene kumafunanso kulipira dokotala ndi okumba dzenje. Ndiye chilichonse chimamukankhira munthu ku kudikira. Ichi ndicho chifukwa chake ndikulimbikira kuti chigamulo chipangidwe kale, popeza usiku umenewo palibe china chimene chidzamuthandize kuchipanga.

Pali chinthu china chimene chimapangitsa kudikirako kuoneka ngati nzeru, ndipo ndi botolo la mankhwala oletsa ululu limene limasungidwa m'makola ambiri. Mankhwala monga flunixin ndi abwino m'manja mwa dokotala. Koma akabayidwa mobwerezabwereza popanda woyeza, amabisa zizindikiro pamene thumbo likupitiriza kufa, ndiponso amawononga impso ndi chifu ngati hatchi yauma madzi m'thupi. Choipitsitsa, chifu kapena thumbo likaphulika hatchi imakhala ngati yapeza bwino. Imaleka kugubuduzika, imangoima duu, ili thukuta kamukamu, ikunjenjemera. Munthu wosadziwa amathokoza Mulungu kuti yachira, pamene yatsala ndi maola ochepa.

Ganizirani za wosamalira uja pa nthawi imeneyi. Waimba foni: "Bwana, pepani kukudzutsani, hatchi ija yakana chakudya kuyambira madzulo, pano ikungogubuduzika." Bwana ali ku Lilongwe ku msonkhano, kapena ali kunja kwa dziko, kapena foni yazima chifukwa magetsi adathima. Akayankha amati, "Ibayeni kaye jekeseni ija, muiyendetse, ndiimba mmawa." Wantchito alibe chilolezo choitana dokotala, chifukwa akuopa kuti adzamudula malipiro. Alibe mphamvu yonena kuti hatchi iphedwe, chifukwa si yake. Amachezera usiku wonse akukoka chingwe, akuika moyo wake pachiswe pafupi ndi chinyama cha theka la tani chimene chikudziponya uku ndi uku ndi ululu. Kukacha hatchi itafa, funso loyamba limagwera iye: unaidyetsa chiyani? Zimenezi si chilungamo. Munthu amene sadapatsidwe mphamvu yogamula asasenzetsedwe mlandu wa chigamulo chimene mwini adachithawa.

Ku Britain, bungwe la British Horse Society pamodzi ndi University of Nottingham adayambitsa kampeni yophunzitsa eni mahatchi kuzindikira colic msanga ndi kukonzeratu chochita. Ngati anthu amene chipatala cha mahatchi ali nacho pafupi akuuzidwa kuti akonzekeretu, nanga ife? Kukonzekera kwathu sikufuna zambiri. Pepala limodzi lokhomedwa pa chitseko cha khola, lolembedwa m'Chichewa chimene wosamalira angawerenge, lokhala ndi manambala a madokotala awiri, dzina la wachibale kapena mnzako amene angagamule iwe ukasowa, malire a ndalama zimene dokotala angagwiritse ntchito asanakufunse, ndi mawu omveka akuti ululu ukapanda kumva mankhwala ndipo dokotala akaona kuti palibe chiyembekezo, hatchi iphedwe mosadikira kubwera kwako. Mawu omalizawo ndi ovuta kulemba. Koma dokotala sangaphe chiweto cha mwini popanda chilolezo, ndipo mahatchi amazunzika maola ambiri chifukwa choti wovomereza sakupezeka pa foni.

Ndi bwinonso mwini adzifunse zifukwa zimene zili kumbuyo kwa yankho lake, popeza zina ndi zabodza. Ena amati hatchi yakalamba, ndiye opaleshoni n'kutaya nthawi. Madokotala a mahatchi adapeza kuti zaka zokha sizigamula. Hatchi ya zaka 20 yathanzi ikhoza kupirira opaleshoni pafupifupi mofanana ndi yocheperapo, ndipo mahatchi amakhala zaka 25 mpaka 30. Chofunika kuyang'ana ndi thanzi lake lonse, mtundu wa vuto, ndi maola amene apita. Enanso amalakwira mbali inayi: amaumirira opaleshoni kapena mankhwala osatha chifukwa mwana wawo amaikonda hatchiyo, kapena chifukwa akuopa kuti anzawo adzawanena kuti ndi ouma manja. Hatchi sidziwa za mawa, sidziwa kuti ukuyesetsa chifukwa umaikonda. Imangodziwa ululu umene ikumva panopo. Palinso funso limene anthu amaliiwala: ikachira, ndani adzaisamalire miyezi itatu ija, kutsuka bala, kuyeza kutentha kwa thupi, kuiyendetsa pa chingwe tsiku ndi tsiku? Ngati munthu ameneyo palibe, kapena alipo koma salipidwa zogwirizana ndi ntchitoyo, opaleshoni yokha siidzapulumutsa hatchi.

Wina anena kuti m'dziko limene anthu enieni amadikira nthawi yaitali kuti achitidwe opaleshoni, kulemba za mimba ya hatchi n'kusewera ndi anthu. Mawu amenewa ndikuwamva, ndipo sindikupempha kuti boma lichotse ndalama za mankhwala a anthu likamangire mahatchi chipatala. Koma hatchi siidadzibweretse yokha ku Blantyre. Munthu adaigula, adaitsekera m'khola, amaisankhira chakudya ndi madzi. Amene watenga ulamuliro wonse pa moyo wa nyama watenganso udindo pa mafedwe ake, ndipo malamulo a dziko lino oteteza nyama amaletsa kuizunza popanda chifukwa. Kusauka kwa dziko kumafotokoza chifukwa chimene opaleshoni ingalepherekere. Sikufotokoza chifukwa chimene hatchi iyenera kugubuduzika kuyambira madzulo mpaka mbandakucha pamene jekeseni yothetsa ululuwo ili m'chikwama cha dokotala mu tauni yomweyi.

Ndalama zimene munthu akadasungira opaleshoni yosafikirika zingagwire ntchito yaikulu zitapita ku kupewa. Colic yambiri imayamba ndi zinthu za tsiku ndi tsiku. Mu October ndi November kukatentha, udzu uli gwa, hatchi imene pa masiku wamba imamwa malita 25 kapena kuposerapo imafuna pafupifupi kuwirikiza, ndipo mipopi ikauma masiku awiri popanda thanki, thumbo limatseka. Nyengo ya chiperoni, mu June ndi July, hatchi imamwa pang'ono chifukwa cha kuzizira, vuto n'kukhala lomwelo. Madeya ochuluka nthawi imodzi, chakudya chochita nkhungu m'nyengo ya mvula, kusintha chakudya mwadzidzidzi chifukwa chozolowereka chasowa m'sitolo, kudyera pa mchenga, njoka za m'mimba, mano osongoka amene sakutafuna bwino, zonsezi zimatsegula njira. Kuphunzitsa wosamalira kuwerenga kugunda kwa mtima, kuona nkhama ndi kumvetsera mimba ndi ntchito ya masana amodzi, ndipo dokotala akalandira foni yokhala ndi manambala amenewa amadziwa ngati afulumire kapena ayi. Tili ndi poyambira: sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto, ndipo Mikolongwe ku Chiradzulu, pafupi pomwepa, yakhala ikuphunzitsa alangizi a ziweto. Ndikadakonda eni mahatchi atamatsegula makola awo kuti ophunzira amenewa azigwira hatchi yamoyo, kulowetsa paipi m'mphuno ndi kuyeza, chifukwa dokotala amene adzabwere usiku uja adzachokera pakati pa iwowa.

Abulu nawo tisawaiwale, popeza mimba yawo idapangidwa mofanana ndi ya hatchi ndipo eni ake ambiri ndi anthu osauka okoka ngolo. Bulu sagubuduzika kawirikawiri ngati hatchi. Amangoima mutu uli pansi, osadya, ndipo mwini amati ndi ulesi kapena mwano n'kumukwapula. Bulu amene wasiya kudya ndi wodwala kwambiri kufikira dokotala atanena kuti ayi.

Amene wagamula kuti hatchi yake sidzachitidwa opaleshoni akonzeretu mbali yotsalayo mpaka kumapeto. Afunse dokotala ngati amasunga mankhwala okwanira kupha chinyama chachikulu chotere, chifukwa mlingo wake si wa galu, ndipo ngati njira idzakhale mfuti, adziwiretu munthu wovomerezeka amene amadziwa malo enieni olasa pamphumi. Asankhiretu malo okumba dzenje, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, ndipo adziwe amene adzakumbe, popeza nthaka ya mu October siikumbika ndi anthu awiri. Dzenjelo likhale lakuya ndipo likwiriridwe tsiku lomwelo, chifukwa nyama ya hatchi yophedwa ndi jekeseni imakhala ndi mankhwala aja, ndipo agalu a m'mudzi akaifukula n'kudya amafa nawonso.